Mkondo Sufalitsa Chiyankhulo: Zimene Chigwa cha Shire Chingauze Wopeka Maiko

Mwana wa mchemwali wanga, amene ali Folomu 3 ndipo timakhala naye kuno ku Nchalo, wakhala akulemba nkhani m'kope la masamu chiyambire tchuthi chathachi. Si za Kalulu ndi Fisi ayi. Ndi zija amaonera pa foni: dziko longopeka lokhala ndi mapu akeake, maufumu asanu ndi awiri, mtsinje waukulu wodutsa pakati, anthu a mapiko okhala m'mapanga, ndi mfumu yankhanza imene inagonjetsa anzake onse. Tsiku lina madzulo, kutentha kwa mu Okutobala kutatitulutsa m'nyumba, anandiwerengera tsamba limodzi tili pakhonde. Panali mawu akuti mfumuyo itapambana nkhondo inalamula kuti aliyense aziyankhula chiyankhulo chake, ndipo patatha zaka khumi dziko lonse linali litasiya zakwawo.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga agogo a m'midzimo anachiphunzira liti?"

"Amalume, imeneyitu ndi mfumu. Wokana ankaphedwa."

"Ankamumva ndani gogo akamakalipira mbuzi kuseri kwa khola?"

Anaseka, koma kopelo analitseka. Ine funsolo linanditsalira m'mutu, chifukwa yankho lake lili pompano, m'chigwa cha Shire muno, pakati pa Thabwa ndi Marka, kungoti ife eni ake sitiliona.

Nthano zathu za pamoto sizivutika nazo izi. Wina akati "Padangokhala," ife n'kuvomera "Tili tonse," Kalulu amayankhula ndi Njovu, Njovu ndi Ng'ona, ndipo palibe mwana amene amafunsa kuti Ng'ona anaphunzira kuti Chimang'anja. Nthano ilibe mapu, ilibe zaka. Koma ukangojambula mapiri ndi madooko, n'kulemba kuti ufumu wakutiwakuti unayamba zaka 800 zapitazo, wadziitanira wekha mlandu. Wowerenga ayamba kuyembekezera kuti dziko lakolo liziyenda monga amayendera maiko.

Olemba ambiri amauzemba mlanduwu poika chiyankhulo chimodzi chimene aliyense amachidziwa. M'masewera a nkhani zongopeka otchedwa Dungeons & Dragons dzina lake ndi Common basi, kutanthauza cha onse. Sindiwadzudzula kwenikweni, pakuti nkhani siingayende ngati ngwazi ikufuna womasulira pa mudzi uliwonse, komanso ziyankhulo za onse zilipodi m'dziko lenileni. Chimene chimasowa ndi njira imene chinadzera kuti chifike pakamwa pa onsewo. J.R.R. Tolkien, amene ntchito yake ku Oxford inali yophunzitsa mbiri ya ziyankhulo, njirayo anaikonza. M'buku lake la The Lord of the Rings chiyankhulo cha onse, Westron, chinachokera kwa anthu apanyanja a pachilumba cha Númenor amene anamanga madooko m'mphepete mwa nyanja, chinasakanikirana ndi mawu a eni nthaka, kenaka n'kufalikira kumtunda m'kupita kwa mibadwo yambiri. Mukhoza kuikonda nkhaniyo kapena ayi, koma munthuyo ankadziwa kuti lamulo la mfumu palokha silikwanira.

Umboni wake woyamba uli ku Chikwawa, m'maina a mafumu athu omwe: Kasisi, Katunga, Maseya. Makolo awo anabwera ndi David Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, ndipo anatsala kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860, nthawi imene chigwa chinali chitasakazidwa ndi ogwira akapolo komanso njala ya 1862 ndi 1863. Anali ndi mfuti. Anthu othawa nkhondo anakabisala kwa iwo, ndipo pasanathe zaka zambiri Amakololowo anali atalanda ulamuliro wa dera lalikulu kwa mafumu a Chimang'anja. Mwa malamulo a m'kope la mwana wa mchemwali wanga, lero Chikwawa yense akanakhala akuyankhula Chikololo. Pitani mukamvetsere pabwalo la milandu kwa Kasisi. Mukamva Chimang'anja ndi Chichewa. Amunawo anali ochepa kwambiri, ambiri mwa iwo sanalinso Akololo enieni koma a mitundu imene Akololo anaigonjetsa, ndipo akazi sanabwere nawo. Anakwatira kuno. Ana awo anayamwa bere la Chimang'anja, anaberekedwa kumsana kwa azakhali a Chimang'anja, anasewera m'fumbi ndi ana a Chimang'anja. Ufumu unapita kwa alendo, pakamwa panatsala pa eni mudzi.

Tsono taonani zimene zinachitika kumene anachokera kuja, chifukwa ndi nkhani yomweyi yovala malaya chotembenuza. Akololo enieni anali anthu oyankhula Chisotho amene anathawa nkhondo za kumwera motsogozedwa ndi Sebetwane, n'kugonjetsa Alozi cha m'ma 1840. Sebetwane anamwalira mu 1851, mwana wake Sekeletu mu 1863, ndipo mu 1864 Alozi anaukira n'kupha amuna a Chikololo. Akazi ndi ana anawasiya amoyo, n'kuwatenga m'mabanja mwawo. Ufumu wa Akololo unatha patangopita zaka za m'badwo umodzi, koma Chilozi chimene chimayankhulidwa ku Mongu, m'dziko la Zambia, lero ndi mdzukulu wa Chisotho cha Akololo aja. Chiluyana, chiyankhulo chakale cha eni ufumuwo, chinatsalira m'ndakatulo zotamanda mfumu ndi m'miyambo ya kubwalo. Kuno opambana anataya chiyankhulo. Uko ogonja anachisiya chitazika mizu. Chimene chikusiyanitsa nkhani ziwirizi si kuthwa kwa mkondo, koma kuti ndani anali ndi mwana pamiyendo.

Angoni nawo ndi chimodzimodzi. Mtsogoleri wawo Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo ndi ochepa amene ankaima pamaso pa impi zawo, magulu awo a nkhondo. Lero ku Ntcheu amayankhula Chichewa, ku Mzimba Chitumbuka, Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'mawu aulemu monga bayethe. Anatisiyira mawu akuti nduna, amene tsopano timatchulira akuluakulu a boma. Izi n'zimene agonjetsi ochepa amasiya kawirikawiri: mawu a ulamuliro, a nkhondo, a zovala za ufumu. Mawu a mtondo, munsi ndi nkhali satheka kuwalanda. Amanchu, mtundu wochokera kumpoto chakum'mawa, analamulira China kuyambira 1644, koma mapeto ake anayamba kuyankhula Chitchaina cha anthu amene anawagonjetsa.

Choncho wopeka dziko asanalembe kuti ankhondo a mfumu anafalitsa chiyankhulo, adzifunse kuti anabwera angati, ndipo akazi awo anali kuti. Adzifunsenso za ukwati. Kumene kuli chikamwini, monga kwa Amang'anja, mwamuna mlendo amakalowa m'mudzi wa mkazi, ndipo chiyankhulo chake chimathera pa iye yekha. Kumene amalowola, mkazi ndiye amasamuka, ndipo ana amakulira pakati pa abale a bambo. Ndi kanthu kakang'ono pamapu, koma pakapita mibadwo itatu kamasintha dera lonse.

Chisena chinalowa m'chigwa muno popanda kugonjetsa mfumu iliyonse. Asena anabwera kuchokera m'mbali mwa Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, akuthawa misonkho ndi ntchito ya kalavulagaga ya Apwitikizi, enanso nkhondo ya ku Barue, m'dziko la Mozambique, ya mu 1917. Anafika ngati opempha malo, osati olanda. Koma anabwera mabanja athunthu, amayi ndi agogo omwe, chaka ndi chaka, mpaka ku Nsanje anachuluka kuposa amene anawalandira. Mipando ikuluikulu monga ya Lundu ndi Tengani ndi ya Chimang'anja, kachisi wa Mbona ku Khulubvi amasungidwa ndi Amang'anja, koma pamjigo ku Nsanje chimene chimamveka kwambiri ndi Chisena. M'nkhani zongopeka othawa nkhondo amaoneka ngati gulu la anthu omvetsa chisoni lodutsa kumbuyo kwa ngwazi. Wolemba wochenjera akhoza kuona kuti gulu limenelo, likakhazikika n'kubereka, ndilo lidzasinthe chiyankhulo cha dzikolo mfumu ili mtulo.

Ndinamutenga mnyamatayo tsiku lina kupita ku Bangula, ndikukagula nsomba. Ndinamuuza kuti asayang'ane nsomba koma amvetsere mayi amene tinaima pa benchi pake. Mayiyo anali ndi makakana owamba ndi milamba iwiri ikuluikulu. Mnzake wa pambali anamupempha kuti amubwereke beseni, iye n'kuyankha mwachidule kuti "nkhabe," kutanthauza ayi, kenaka onse awiri n'kuseka, akulonga Chisena chothamanga chimene mnyamatayo anangotolapo theka. Kutabwera bambo wina wa lole yochokera ku Blantyre, mayiyo anasintha ngati wapotoza wailesi: Chichewa choyera, "Bwana, izi ndi za lero lomwe, tazigwirani muone." Mtengo anautchula m'Chingerezi. Bamboyo atalipira, mayi uja anapinda ndalama, n'kuiponya m'thumba la m'chiuno, n'kunena yekha chapansipansi kuti "takhuta," zikomo wa Chisena. Mphindi zisanu, ziyankhulo zitatu, munthu mmodzi amene mwina sukulu analekezera Sitandade 4.

Apa ndi pamene nkhani zambiri zongopeka zimaphonya kwambiri. Zimaganiza kuti mutu wa munthu ndi chikho cholowa chiyankhulo chimodzi, ndipo chatsopano chikalowa chakale chiyenera kutayika. Chiyankhulo chikamakula mphamvu chimayamba ndi kulanda malo, osati anthu. Chimatenga msika, kenaka ofesi, kenaka tchalitchi, ndipo kukhitchini chimafika pomalizira, ngati chifika n'komwe. Owerenga Baibulo akudziwa kuti chikwangwani cha pamtanda wa Yesu chinalembedwa m'Chiheberi, m'Chilatini ndi m'Chigiriki: cha eni dziko, cha boma, ndi cha malonda ndi maphunziro. Aroma ndiwo ankalamulira, koma Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, chimene chinali chitafala kale m'mizinda ya kum'mawa kuyambira nthawi ya mfumu Alexander Wamkulu. Mafumu a Perisiya nawo ankalemba makalata a boma m'Chiaramu, chimene alembi anali atachizolowera kale, ndipo zigawo zina za mabuku a Ezara ndi Danieli zili m'chiyankhulo chomwecho. Mfumu yanzeru imatola chiyankhulo chimene yachipeza chikugwira ntchito, chifukwa chimene ikufuna ndi msonkho, osati galamala.

Nanga chimafala kudzera kuti? Mnyamatayo anajambula mtsinje pakati pa mapu ake n'kuupanga malire: tsidya lino ayankhula ichi, tsidya ilo icho. Mwana wa m'chigwa sanayenere kulakwitsa pamenepa. Shire sanalekanitsepo anthu a ku Makhanga ndi a ku Bangula; mabwato amawoloka tsiku ndi tsiku. Mtsinje woyenda bwato ndi msewu. Kudzera mu Zambezi ndi Shire munalowa nsalu, mikanda, mfuti, kenaka sitima za pamadzi zimene zinkafika mpaka kwa Katunga, kumunsi kwa mathithi, katundu n'kuyamba kusenzedwa pamutu kukwera ku Blantyre. Mawu anayenda ndi katunduyo. Nsapato, kapitawo, malinyero ndi mawu a Chipwitikizi amene tawameza mpaka kuiwala kwawo. Njanji ya Port Herald, imene ndi Nsanje ya lero, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935 sitima inayamba kuwoloka Zambezi kupita ku Beira. Zimene zimatsekereza chiyankhulo ndi phiri, dambo losawolokeka ndi nkhalango, n'chifukwa chake ziyankhulo zing'onozing'ono zimabisala m'malo otere. Lingala inakula potsata mtsinje wa Congo, Chiswahili potsata madooko ndi njira za aulendo a minyanga. Wopeka mapu akafuna kudziwa kumene chiyankhulo cha onse chikafike, atsate ndi chala njira ya mchere.

Ndipo ngati m'dziko lakelo muli anthu a mapiko, ndiye kuti phiri lasiya kukhala mpanda. Amapikowo ndiwo akhala amtengatenga, onyamula makalata ndi uthenga wa maliro, ndipo n'kutheka kuti chiyankhulo cha onse chikhala chawo chophotchoka, ngakhale alibe ufumu. Matsenga alionse amene wolemba waika amasintha njira zimene anthu amakumanira, ndipo chiyankhulo chimatsata kukumanako.

Palinso ziyankhulo zobadwira pa ntchito, pamene amuna a mitundu yosiyana aunjikidwa malo amodzi. Achikunda anayamba ngati asilikali akapolo a m'maprazo, minda ikuluikulu ya Apwitikizi, m'mbali mwa Zambezi, ochokera m'mitundu yambiri, ndipo mapeto ake anakhala mtundu wokhala ndi chiyankhulo chake. Agogo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela anabwerako ndi Fanakalo, chiyankhulo cha mumgodi cholamulirana ndi kutukwanirana. Chimenecho sichinalowe m'nyumba, chifukwa palibe amene ankafuna kunyengerera nacho mwana. Chinyanja chinali chiyankhulo cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la atsamunda) a ku Nyasaland komanso cha apolisi a ku Northern Rhodesia, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chinazikira mizu ku Lusaka. Ku Nchalo kuno, minda ya nzimbe itatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960, kunabwera Alomwe, Ayao, Angoni, Atumbuka, ndipo ana obadwira m'makomboni anakula ndi Chichewa chifukwa ndicho chinali pakati pa onse. Choncho gulu la nkhondo la mfumu ya m'kope ija likhozadi kufalitsa chiyankhulo, koma osati pa tsiku la nkhondo. Limafalitsa pa zaka makumi a kulondera, kulandira malipiro, kukwatira pafupi ndi kampu ndi kupuma ntchito n'kutsegula kagolosale.

Tsono lamulo la mfumu lilibiretu mphamvu? Lili nayo, likapeza miyendo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko, pambali pa Chingerezi. Ziyankhulo zina zinachoka pa wailesi ndi m'makalasi, ndipo mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe. Lamulolo linagwira ntchito chifukwa linapeza njira italambulidwa kale. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anali atasindikiza dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo anthu anali atazolowera kuona chiyankhulochi papepala. Linalinso ndi sukulu m'madera ambiri, mayeso, ndi wailesi imodzi ya dziko lonse. Chodabwitsa n'chakuti Chimang'anja, chimene chinali pakati pa zoyamba kulembedwa, lero ana amachiona ngati Chichewa chokhota. Ndipo ndi zida zonsezo, kwa zaka zoposa 25, Chisena sichinafe. Demokalase ya zipani zambiri itabwera chinamveka pa wailesi ya boma chili chamoyo. Mfumu ya m'dziko la akavalo ndi malupanga, yopanda sukulu, yopanda makina osindikizira, yopanda wailesi, ingathe bwanji m'zaka khumi zimene boma lamakono linalephera pa m'badwo wathunthu? Pokhapokha wolemba aipatse chinthu cholowa m'malo mwa wailesi, kaya ndi ng'oma yamatsenga yomveka m'midzi yonse, kaya ndi ansembe ophunzitsa ana pansi pa mtengo. Akatero tikhulupirira.

Chida chimene ndimachiopa kuposa lamulo ndi manyazi. Nditapita ku sekondale ina kumtunda, tsiku loyamba m'chipinda chogona ndinafunsa mnzanga za "pinthu pyanga" nditasowa katundu wanga. Chipinda chonse chinagwa ndi phwete, ndipo dzina limenelo linandikakamira mpaka Folomu 4. Palibe anandimenya, palibe lamulo limene ndinaswa. Koma pofika tchuthi choyamba ndinali nditayamba kuyankha mayi anga m'Chichewa iwo akundilonjera m'Chisena, ndipo sananene kanthu, anangondiyang'ana n'kupitiriza kupeta mapira. Chiyankhulo chimafa motero, m'mibadwo itatu: agogo amadziwa chakwawo chokha, ana amadziwa ziwiri, adzukulu amamva koma osayankha. Wolemba amene akufuna kuonetsa ufumu ukumeza anthu asiye za kupha okana. Aonetse mnyamata akuwongola lilime lake kuti apeze ntchito kunyumba ya mfumu, ndi mayi wake akumuyang'ana.

Katchulidwe kakhozanso kukhala nkhani ya moyo ndi imfa. M'buku la Oweruza, chaputala 12, Agileadi anatchinga madooko a Yordano n'kumauza aliyense wofuna kuwoloka kuti anene "Shiboleti." Aefuraimu ankati "Siboleti," ndipo ankaphedwa pomwepo. Ngakhale m'dziko la chiyankhulo chimodzi, lilime limaulula kwanu.

Chotsala ndi nthawi, ndipo apa olemba amawolowa manja mopitirira. Amalemba kuti ufumu wakhala zaka 5,000, koma ngwazi ikapeza mwala wolembedwa ndi oyambitsa ufumuwo imangowerenga ngati nyuzipepala ya dzulo. Buku Lopatulika langopitirira pang'ono zaka 100, koma mwana wa lero amapunthwa pa mawu ake ena. Chilatini chitafalikira, misewu ya Aroma itawonongeka ndipo madera atasiya kuyenderana, chinagawika n'kukhala Chipwitikizi, Chisipanishi, Chifalansa, Chitaliyana ndi zina. Kupambana kwa chiyankhulo ndiko kumayambitsa kusweka kwake, pakuti chikafika kutali chimayamba kukoma mosiyana dera ndi dera. Chichewa, Chinyanja cha kunyanja ndi Chimang'anja ndi ana a nyumba imodzi ya Amaravi amene anamwazikana. Chimene chimaima osasintha ndi chiyankhulo cha kuguwa, monga Chilatini chimene Akatolika anachitira Misa mpaka m'zaka za m'ma 1960, kapena Chige'ez cha tchalitchi cha ku Ethiopia. Ngati m'dziko longopeka matsenga amagwira ntchito m'chiyankhulo chimodzi chokha, musayembekezere kuti chimenecho chifala. Eni ake achibisa monga sing'anga abisira chizimba, ndipo chidzauma n'kukhala cha anthu owerengeka. Ngati muli zolengedwa zokhala ndi moyo zaka chikwi, izo zidzayankhula ngati agogo a agogo, ndipo anthu wamba azidzaziseka kuseri kwinaku akuziopa.

Sabata yatha mnyamatayo anandibweretseranso kope. Mfumu yankhanza ija ikadalipo, lamulo lake likadalipo, koma tsopano alembi ake okha ndiwo amalitsata. Chiyankhulo cha onse wachipereka kwa opalasa mabwato ogulitsa mchere, ndipo mwana wa mfumuyo, amene analeredwa ndi mdzakazi wogwidwa kunkhondo, akakwiya amatukwana m'chiyankhulo cha adani a bambo ake. Pa tsamba lomaliza panali mawu asanu ndi limodzi amene anawapeka a anthu a m'dambo, ndipo awiri mwa iwo ndinawazindikira.

"Awa si opeka awa," ndinatero. "Wawatenga kwa agogo ako."

"Amalume, a ku Lilongwe akadziwa bwanji?"

Anatenga njinga n'kupita kukatchaja foni.